FLAC, ALAC kapena WAV: ndisunge nyimbo zanga mu fayilo ya mtundu wanji?

Funso

Ndili ndi ma CD pafupifupi 300 omwe ndakhala ndikugula kwa zaka zambiri, ndipo ena ayamba kukandika moti nyimbo zina zimadumpha. Ndikufuna kuwakopera onse pa kompyuta kuti ndisadzawataye, koma mitundu ya mafayilo yandisokoneza. Mnzanga wina akuti ndisankhe WAV chifukwa ndi yokhayo yosapanikizidwa ndipo imamveka bwino kuposa yonse, wina akuti FLAC. Mkazi wanga ali ndi iPhone ndipo ndamva kuti kumeneko kumafunika ALAC. Ine ndimamvera nyimbo pa kompyuta ya Windows, pa foni ya Android ndi m'galimoto. Ndisankhe uti kuti ndisadzayambenso ntchitoyi kachiwiri?

Yankho

Bambo, ma CD anu onse muwakopere mu FLAC, ndipo mafayilo amenewo akhale nkhokwe yanu yaikulu. Akazi anu muwapangire makope a ALAC kuchokera mu FLAC yomweyo, ndipo ngati wailesi ya m'galimoto ikukana FLAC, muziika makope ang'onoang'ono a MP3 kapena AAC. Komabe ndi bwino kuti mumvetse chifukwa chake, popeza zomwe mnzanu wa WAV wakuuzani zili ndi choona pang'ono chomwe chasakanikirana ndi chikhulupiriro chomwe chasocheretsa anthu ambiri okonda nyimbo.

Tiyambe ndi zomwe zili pa CD. CD, yomwe makampani a Sony ndi Philips anaitulutsa pamsika m'chaka cha 1982, imasunga manambala basi. Mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi iliyonse, muyeso uliwonse umalembedwa ndi mabiti 16 (biti ndi kanambala ka 0 kapena 1 komwe kompyuta imalembera zinthu), ndipo izi zimachitika kawiri, mbali ya kumanzere ndi ya kumanja. Mukachulukitsa manambala atatuwa mupeza mabiti 1,411,200 pa sekondi, omwe ndi pafupifupi 10 MB pa mphindi iliyonse ya nyimbo. Ntchito yonse ya fayilo ya lossless, kutanthauza yosataya mawu, ndi kusunga manambala amenewa osasintha ngakhale nambala imodzi, ndipo WAV, AIFF, FLAC ndi ALAC zonse zimaigwira ntchitoyi mofanana ndendende. Pomwe zimasiyana ndi pa kalembedwe ka manambalawo.

WAV imawalemba monga momwe alili, mondondozana, kuyambira poyamba mpaka pamapeto. FLAC ndi ALAC zimapezerapo mwayi pa khalidwe lina la mawu a nyimbo, lakuti muyeso uliwonse kawirikawiri sutalikirana ndi miyeso yomwe yangodutsa kumene. Pulogalamu yopanga FLAC imadula nyimbo m'tizigawo ting'onoting'ono, ndipo pa kachigawo kalikonse imafunafuna masamu oyerekeza nambala yotsatira poyang'ana manambala a m'mbuyo. Ikapeza masamuwo, imangolemba kusiyana kwa nambala yoyerekezayo ndi nambala yeniyeni, ndipo popeza kusiyanako kumakhala kochepa, kumalembedwa ndi mabiti ochepanso. Imayang'ananso ngati mbali ya kumanzere ndi ya kumanja zikufanana, kuti isalembe kawiri chinthu chimodzimodzi. Pomwe mukuliza nyimboyo, pulogalamu yanu imabwereza masamu omwe aja, kuwonjezerapo kusiyana kuja, ndipo nambala yoyambirira imabwerera yonse. Ndi chimodzimodzi kuika chikalata mu fayilo ya ZIP: mukachimasula, palibe chilembo chomwe chimasowa. MP3 ndi AAC zimayenda njira ina kotheratu, chifukwa izo zimataya dala mbali za mawu zomwe khutu la munthu silingazimve bwino, ndipo zomwe zatayidwazo sizibwereranso.

Choncho mawu akuti WAV imamveka bwino kuposa FLAC alibe maziko, ndipo mukhoza kudziyesera nokha. Tengani nyimbo imodzi ya WAV, muisinthe kukhala FLAC, kenako muibweze ku WAV, ndipo muyerekeze mawu a m'mafayilo awiriwo ndi chida choyerekezera mabiti chomwe mungawonjezere mu pulogalamu ya foobar2000. Chidzakuuzani kuti palibe kusiyana. Kachipangizo komwe kamasandutsa manambala kukhala mawu opita ku masipika, komwe amati DAC, kamalandira manambala omwewo, ndipo sikadziwa n'komwe kuti achokera mu fayilo ya mtundu wanji. Alipo ena omwe amati kumasula FLAC kumatopetsa purosesa ndipo kutopako kumadetsa mawu, koma FLAC inapangidwa mwadala kuti kumasula kwake kukhale kopepuka, moti timakina tonyamula m'thumba ta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tinkaimasula popanda vuto. Munthu akamva kusiyana, kawirikawiri zimakhala kuti fayilo imodzi ikulira mokweza pang'ono kuposa inzake, kapena akudziwa kale yomwe ikulira ndipo mtima wake wasankhiratu. N'chifukwa chake akatswiri amadalira mayeso otchedwa ABX, pomwe womvera sauzidwa fayilo yomwe ikulira.

Mfundo imeneyi iyeneranso kukuchotserani nkhawa yomwe mwamalizira nayo funso lanu. Popeza mitundu yonseyi imasunga manambala omwewo, kusintha kuchoka ku FLAC kupita ku ALAC, kapena kubwerera, sikuwononga kanthu ngakhale mutasintha kangati. M'zaka za m'ma 1990 anthu ambiri osonkhanitsa nyimbo zojambulidwa pa zoimbaimba ankasunga mafayilo awo mu mtundu wotchedwa Shorten, womwe lero ndi ochepa omwe akuugwiritsabe ntchito, ndipo omwe anali nawo anangosamutsira nyimbo zawo ku FLAC osataya kanthu. Munthu amene amadzayambanso ntchito yokopera ndi yemwe anakopera ma CD ake mu MP3, kapena yemwe anakopera mosasamala.

Ndiye ngati kamvekedwe n'kofanana, tisankha poyang'ana chiyani? Tiyang'ana mmene fayilo imasungira mayina a nyimbo, ngati ingatiuze ikawonongeka, kuchuluka kwa zipangizo zomwe zimaiwerenga, komanso malo omwe imatenga. Pa zonsezi WAV imapambana pa chimodzi chokha, chakuti pafupifupi chipangizo chilichonse chimaitsegula.

WAV inapangidwa ndi Microsoft ndi IBM m'chaka cha 1991, pa nthawi yomwe maganizo sanali pa kusunga nyimbo zikwizikwi pa kompyuta ya kunyumba. Vuto lake lalikulu lili pa zolembedwa za m'kati mwa fayilo, zomwe amati ma tag: dzina la nyimbo, la woyimba, la chimbale, chaka, nambala ya nyimbo pa chimbalecho ndi chithunzi cha pachikuto. Sikuti WAV singasunge zimenezi ayi, koma palibe njira imodzi yomwe mapulogalamu onse anagwirizana. Pulogalamu ina imazilemba mwanjira yake, ina mwanjira inanso, ndipo mukasamutsa mafayilo kupita ku foni kapena ku wailesi ya m'galimoto mukhoza kupeza kuti mayina onse asowa. Ma CD 300 akhoza kukhala ndi nyimbo zoposa 3,000, ndipo kusakasaka nyimbo imodzi pakati pa mafayilo osaoneka mayina a oyimba ndi ntchito yomwe ingakugwetseni ulesi womvera nyimbo zanu zomwe. WAV wamba singapitirirenso 4 GB pa fayilo imodzi, ngakhale kuti izi sizikukhudzani, chifukwa pa mlingo wa CD malire amenewa amafikidwa pakadutsa maola oposa 6. Malo ake enieni a WAV ndi mu situdiyo, pojambula ndi posakaniza mawu, pomwe mafayilo amadulidwa ndi kulumikizidwa nthawi ndi nthawi. AIFF, yomwe Apple inapanga m'chaka cha 1988, ndi yosapanikizidwa ngati WAV ndipo imasunga ma tag bwinoko, koma kukula kwake n'komweko.

Pa nkhani ya malo, tiwerengere ndi ma CD anu. Tikayerekeza kuti CD iliyonse ili ndi mphindi 50, ndiye kuti muli ndi mphindi 15,000, zomwe mu WAV zidzatenga pafupifupi 160 GB. FLAC kawirikawiri imachepetsa fayilo kufika pakati pa theka ndi magawo 7 pa 10 a kukula kwake, choncho muyembekezere pafupifupi 100 GB. Nyimbo zachete, monga za piyano yokha kapena za munthu mmodzi ndi gitala, zimapanikizika kwambiri, pomwe nyimbo zaphokoso zomwe zinakwezedwa mawu mpaka pamapeto mu situdiyo zimapanikizika pang'ono, chifukwa phokoso ndi lovuta kuliyerekeza ndi masamu. Pa hard drive ya masiku ano kusiyana kwa 160 GB ndi 100 GB si kwakukulu, koma pa foni ndi pa memori kadi kumaoneka, ndipo kumaonekanso mukayamba kupanga makope osungira.

Chomwe chimandichititsa kuti ndiike FLAC patsogolo, komabe, si kuchepa kwa mafayilo. FLAC iliyonse, pomwe ikupangidwa, imalemba m'mutu mwake chidindo cha masamu chotchedwa MD5, chowerengedwa kuchokera ku mawu onse oyambirira, ndipo kachigawo kalikonse ka m'kati kamakhalanso ndi nambala yakeyake yotsimikizira. Tanthauzo lake ndi lakuti patapita zaka 10 mukhoza kuuza pulogalamu kuti iyese mafayilo anu onse, iyo n'kumasula nyimbo iliyonse, kuwerengeranso chidindo, ndi kukuuzani ngati pali fayilo yomwe yawonongeka. Pa pulogalamu ya flac yeniyeniyo lamulo lake ndi flac -t, ndipo foobar2000 nayo ili ndi njira yochitira zomwezo pa mafayilo ambiri nthawi imodzi. Anthu ambiri saganizira zimenezi, koma mafayilo amawonongeka mwakachetechete: hard drive imakalamba, memori kadi imatopa, magetsi amazima kukopera kuli m'kati. WAV ikawonongeka pakati siinena kanthu. Mudzangomva kaphokoso kachilendo tsiku lina, mwina mutakopera kale fayilo yowonongekayo pamwamba pa kope labwino lomwe munasunga. Kwa munthu yemwe cholinga chake ndi kusunga nyimbo kwa zaka zambiri, chidindo chimenechi ndi chifukwa chokwanira pachokha.

Chinanso ndi chakuti FLAC ilibe mwini yemwe angaitseke. Josh Coalson anatulutsa FLAC 1.0 m'chaka cha 2001, m'chaka cha 2003 inalowa m'manja mwa bungwe la Xiph.Org Foundation, ndipo mu December 2024 bungwe la IETF, lomwe limasindikiza malamulo a kayendedwe ka intaneti, linasindikiza kapangidwe kake konse m'chikalata cha RFC 9639. Aliyense wodziwa kulemba mapulogalamu akhoza kuwerenga chikalatacho n'kupanga chomasulira FLAC popanda kupempha chilolezo kapena kulipira, ndipo ichi n'chitsimikizo chabwino chakuti mafayilo anu adzatsegukabe m'tsogolo. Android imawerenga FLAC kuyambira pa Android 3.1 ya m'chaka cha 2011, Windows imaiwerenga yokha kuyambira pa Windows 10, ndipo masitolo ambiri a pa intaneti ogulitsa nyimbo za lossless amaipereka. Zipangizo zanu ziwiri zikuluzikulu, ndiye kuti, zakonzeka kale.

Pokopera, pulogalamu idzakufunsani mlingo wa kupanikiza, kuyambira 0 mpaka 8. Mlingowu sukhudza kamvekedwe ngakhale pang'ono. Umangonena kuti kompyuta ilimbikire motani posakasaka masamu abwino oyerekezera. Mlingo 5 ndi womwe umakhalapo mukapanda kusintha, ndipo 8 imachepetsa fayilo pang'ono chabe kuposa pamenepo. Sankhani 5 kapena 8, musataye nthawi pa nkhaniyi.

Tsopano za iPhone ya akazi anu. ALAC inatulutsidwa ndi Apple m'chaka cha 2004, ndipo mu October 2011 kampaniyo inatsegula kapangidwe kake kuti aliyense aigwiritse ntchito mwaulere pansi pa chilolezo cha Apache, choncho masiku ano si yotsekeredwa ngati kale. Imapanikiza pafupifupi mofanana ndi FLAC, ndipo imasunga ma tag ndi chithunzi cha pachikuto bwinobwino. Chifukwa chomwe imafunikirabe ndi chakuti pulogalamu ya Apple Music, pamodzi ndi iTunes, salandira FLAC mu laibulale yawo ya nyimbo. iPhone payokha imatha kuliza FLAC kuyambira pa iOS 11 ya m'chaka cha 2017 kudzera mu pulogalamu ya Files, ndipo VLC ndi mapulogalamu ena a pa iPhone amaiwerenganso. Choncho ngati akazi anu sakuona vuto kumvera kudzera mu VLC, simukusowa ALAC konse. Koma ngati akufuna kuti nyimbo za pa ma CD zikhale pamodzi ndi nyimbo zawo zina mu Apple Music, ALAC ndiyo njira yake, ndipo foobar2000, dBpoweramp kapena ffmpeg zidzasintha mafoda onse nthawi imodzi.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimandiletsa kuika ALAC ngati nkhokwe yaikulu ya munthu wa Windows ndi Android. Choyamba, ilibe chidindo cha MD5 chija, kotero kuyesa ngati fayilo idakali yabwino kumafuna kuti musunge zidindo padera. Chachiwiri chimaoneka chaching'ono koma chimasokoneza ambiri: fayilo ya ALAC imathera ndi .m4a, ndipo fayilo ya AAC, yomwe ndi yotaya mawu, imatheranso ndi .m4a. Poyang'ana dzina lokha simungadziwe kuti ili m'katimo ndi iti, mpaka mutayang'ana kukula kwake kapena kutsegula zofotokoza za fayiloyo. Banja lomwe zipangizo zake zonse ndi za Apple likhoza kusunga zonse mu ALAC ndipo sindingalitsutse, koma lanu si lotero.

Mitundu ina mudzaimva ikutchulidwa, ndipo sindichedwapo. Monkey's Audio, yomwe mafayilo ake amathera ndi .ape, imapanikiza pang'ono kuposa FLAC, koma kumasula kwake n'kolemera ndipo zipangizo zochepa ndi zomwe zimaiwerenga. Malo ochepa omwe mungapulumutse sakulingana ndi zovutazo. WMA Lossless ya Microsoft, ya m'chaka cha 2003, ndi yotsekedwa ndipo siyenda bwino kunja kwa Windows, kotero ngati muli ndi mafayilo oterewa, asamutsireni ku FLAC. WavPack ya David Bryant ndi yomwe ndimaipatsa ulemu, chifukwa ndi yotseguka, imasunga mitundu ya mawu ya mu situdiyo yomwe FLAC siisunga, ndipo ili ndi luso logawa nyimbo m'mafayilo awiri, yaing'ono yoti muziyenda nayo ndi ina yowonjezera yomwe ikakhala pambali pake imabweza mawu onse. Ndi nzeru yabwino, koma mawailesi a m'galimoto omwe amaidziwa ndi osowa. Muchenjerenso ndi njira ina yopanikizira mawu yotchedwa MQA, yomwe inayamba kulengezedwa m'chaka cha 2014 ndipo kawirikawiri imabwera itavala dzina la .flac. Iyo siibweza manambala onse a chojambulidwa choyambirira, kampani yake inagwa pa chuma m'chaka cha 2023, ndipo Tidal, kampani yomvetsera nyimbo pa intaneti yomwe inali msika wake waukulu, inaisiya m'chaka cha 2024 n'kutenga FLAC wamba.

Pomwe mungataye mawu ndithu ndi pokopera penipenipo, ndipo apa m'pofunika chisamaliro chanu chonse, makamaka poti mwanena kuti ma CD ena akandika. CD ya nyimbo ili ndi njira yokonzera zolakwika zing'onozing'ono, koma kukandika kukakula, makina owerenga amangoyerekeza nambala yomwe yasowa n'kupitirira, osakuuzani. Pomvera chabe zimenezi n'zothandiza, chifukwa nyimbo siiduka, koma posunga ndiye kuti mwalemba nambala yabodza mu fayilo yanu, ndipo FLAC idzaisunga mokhulupirika pamodzi ndi zina zonse. Choncho musakopere ndi pulogalamu iliyonse yomwe mwaipeza. Pa Windows gwiritsani ntchito Exact Audio Copy, yomwe ndi yaulere, kapena dBpoweramp, yomwe ndi yogula koma yosavuta kuitchera. Pa Mac pali XLD. Mapulogalamuwa amawerenga malo okayikitsa mobwerezabwereza mpaka zotsatira zitagwirizana, kenako amayerekeza zomwe mwakopera ndi nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa AccurateRip, momwe muli zidindo za anthu ena omwe anakopera chimbale chomwecho pa makina awo. Chidindo chanu chikafanana ndi chawo, mukhoza kukhulupirira kuti mwakopera molondola, chifukwa n'zovuta kwambiri kuti ma CD osiyana okandika malo osiyana apereke cholakwika chimodzimodzi. Chimbale chomwe chinatulutsidwa chochepa mwina simudzachipeza m'nkhokwemo, ndipo zikatero gwiritsani ntchito njira ya Exact Audio Copy yowerenga nyimbo iliyonse kawiri n'kuyerekeza. Pa CD yomwe yalakwika malo ochepa, pulogalamu ya CUETools nthawi zina imatha kukonza zolakwikazo pogwiritsa ntchito nkhokwe yakeyake. Muyambe ndi ma CD okandikawo, mutawapukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira, ndipo CD ikakanika pa makina amodzi muyese pa ena, chifukwa makina owerengera ma CD amasiyana luso. Musungenso kafayilo ka log komwe pulogalamu imalemba pa chimbale chilichonse, kuti m'tsogolo mudzadziwe zimbale zomwe zinakopedwa bwino ndi zomwe zinali ndi vuto.

Pa chifukwa chomwecho, dzina lakuti .flac si umboni wakuti nyimbo ndi yathunthu. Munthu akhoza kutenga MP3, kapena mawu ochokera pa YouTube omwe ndi otayidwa kale mbali zina, n'kuwasintha kukhala FLAC. Fayilo idzakula kangapo, koma zomwe zinatayidwa sizidzabwerera. Ngati muli ndi nyimbo zina mu MP3 zomwe mulibe CD yake, zisiyeni momwemo. Mukakayikira FLAC yomwe mwapatsidwa, itseguleni mu pulogalamu yojambula chithunzi cha mawu monga Spek. MP3 ya 128 kbps (mabiti 128,000 pa sekondi) kawirikawiri imaoneka yodulidwa mowongoka pafupi ndi 16 kHz (kutanthauza kuti mawu a pamwamba, onjenjemera koposa ka 16,000 pa sekondi, palibe), pomwe CD imatha kufika pa 22 kHz. Komabe chizindikirochi si chotsimikiza nthawi zonse, popeza nyimbo zina zakale zinajambulidwa zilibe kale mawu a pamwamba.

Mudzaonanso posankha pa pulogalamu kuti mukhoza kusunga pa mabiti 24 ndi 96 kHz kapena 192 kHz, kutanthauza kuyeza mawu ka 96,000 kapena 192,000 pa sekondi. Pa ma CD anu musatero. CD ili ndi mabiti 16 ndi 44.1 kHz, ndipo kuikweza kumangokulitsa fayilo popanda kuwonjezera mawu alionse. Fayilo yosapanikizidwa ya mabiti 24 ndi 96 kHz imatenga 4,608 kbps, kuposa katatu CD. Ngakhale pogula nyimbo zatsopano, ine sindithamangira manambala akuluakuluwa. Kuyeza ka 44,100 pa sekondi kumakwanira kusunga mawu mpaka 22,050 Hz, pomwe khutu la wachinyamata limathera pafupi ndi 20,000 Hz ndipo malirewo amatsika munthu akamakula. Mabiti 16 amapereka mpata wa pafupifupi 96 dB pakati pa mawu otsikitsitsa ndi okwezetsa, womwe ndi waukulu kuposa womwe chipinda chokhalamo anthu chingakuloleni kumva. Mabiti 24 ndi ofunika mu situdiyo, pomwe mawu amasinthidwa kambirimbiri. Chimbale chogulitsidwa pa mlingo wapamwamba chikamveka bwino kuposa CD yake, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chakuti chinakonzedwanso mwatsopano mu situdiyo, osati kukula kwa manambala.

Za pa foni ndi m'galimoto zimafuna kuganiza kwina. Ngati mumamvera ndi mahedifoni a Bluetooth, dziwani kuti foni imamasula FLAC yanu kenako n'kuipanikizanso motaya mawu isanaitumize, chifukwa njira ya Bluetooth ndi yopapatiza. Njira zotumizira mawu pa Bluetooth za SBC, AAC ndi aptX wamba zonse ndi zotaya mawu, ndipo ngakhale LDAC ya Sony imathera pa 990 kbps, pansi pa 1,411 kbps ya CD. Pali aptX Lossless ya Qualcomm, koma imafuna kuti foni ndi mahedifoni zonse ziwiri zikhale nayo. Izi sizikutanthauza kuti Bluetooth imamveka moipa, koma kuti kudzaza foni ndi FLAC pomwe mumamvera pa Bluetooth, mumsewu waphokoso kapena injini ikulira, ndi kuwononga malo. AAC ya 256 kbps kapena MP3 ya 320 kbps yopangidwa bwino ndi yovuta kwa anthu ambiri kuisiyanitsa ndi CD ngakhale m'chipinda chachete, ndipo pa Android mukhozanso kugwiritsa ntchito Opus, fayilo inanso yotaya mawu yomwe imamveka bwino pa mafayilo aang'ono kuposa pamenepo. Ngati foni yanu ili ndi malo ambiri ndipo mumamvera ndi mahedifoni a waya, ikani FLAC momwemo, palibe choletsa. Lamulo lake ndi limodzi: kope lililonse laling'ono lichokere mu FLAC ya m'nkhokwe. Musapange AAC kuchokera mu MP3, chifukwa kutero ndi kutaya mawu kawiri.

Wailesi ya m'galimoto muiyese musanakopere zambiri. Ikani pa fulashi nyimbo imodzi mu FLAC, ina mu AAC, ina mu MP3, muone zomwe ikuwerenga komanso ngati ikuonetsa mayina. Mawailesi ambiri akale amadziwa MP3 ndi WMA wamba zokha, ndipo ena amakana fulashi yomwe sinakonzedwe (format) mu dongosolo losungira mafayilo la FAT32, zomwe zimachititsa anthu kuganiza kuti vuto ndi fayilo pomwe vuto ndi fulashi.

Ma tag muwakonze kamodzi, mu FLAC, musanapange makope ena alionse, chifukwa cholakwika chilichonse chomwe mungasiye m'nkhokwe chidzafalikira m'makope onse. Pulogalamu ya MusicBrainz Picard imazindikira zimbale zambiri n'kudzaza mayina yokha, ndipo Mp3tag, ngakhale ili ndi dzina lotero, imakonzanso FLAC ndi ALAC. Samalani kuti dzina la woyimba lilembedwe mofanana pa zimbale zake zonse, apo ayi foni idzamuonetsa ngati anthu atatu osiyana. Ndikulangizanso kuti nyimbo iliyonse ikhale fayilo yakeyake, m'foda ya chimbale, m'kati mwa foda ya woyimba, kusiyana ndi kusunga CD yonse mu fayilo imodzi yaikulu yokhala ndi kafayilo ka cue koonetsa pomwe nyimbo iliyonse ikuyambira, popeza si mapulogalamu onse omwe amawerenga cue. Pa zimbale zomwe nyimbo zake zimalumikizana popanda mpata, monga zojambulidwa pa zoimbaimba, FLAC siwonjezera kachete kalikonse pakati pa nyimbo, ndipo mukamva kaphompho ndiye kuti vuto ndi pulogalamu yolizira, osati mafayilo.

Chidindo cha MD5 chimakuuzani kuti fayilo yawonongeka, koma sichiikonza. Chomwe chimakonza ndi kope lina labwino, choncho nkhokwe yanu ikhale m'malo osachepera awiri, mwachitsanzo pa kompyuta ndi pa hard drive yakunja yomwe simuisiya cholumikiza, ndipo ngati n'kotheka kope lachitatu likhale kunja kwa nyumba yanu kapena pa malo osungira mafayilo a pa intaneti. Kamodzi pa chaka yesani mafayilo onse pa makope onse, ndipo fayilo yomwe yalephera mayeso muilowetse m'malo ndi inzake yabwino. Makope a ALAC ndi a m'galimoto safuna chisamaliro chotere, chifukwa mukhoza kuwapanganso tsiku lililonse kuchokera mu FLAC. Ma CD enieniwo musawataye kapena kuwagulitsa mukamaliza. Asungeni m'mabokosi awo pamalo ouma, osafika dzuwa, chifukwa ndiwo umboni wakuti nyimbozo munagula, ndipo chimbale chomwe chakanika kukopeka bwino lero chikhoza kudzatheka pa makina ena.